Seva ya Pansi pa Masitepe

Lachinayi, 22 Ogasiti

Seva, kompyuta yaikulu ya sitolo ino, yayambanso matenda ake. Pa tilu akalemba dzina la katundu, kachizindikiro kaja kamangozungulira, kuzungulira, kasitomala mpaka kuyamba kuwerenga malata a kudenga. Bambo wina wagula misomali ndi loko basi, koma wadikira risiti mpaka wakhala pa thumba la simenti n'kuvula nsapato.

Bwana Changu, tizingoti BC, atsika kangapo. Nyimbo ndi yomwe ija: "Changu, changu, zimitsa uyatsenso." Ndazimitsa, ndayatsa. Patapita kanthawi atsikanso, ndazimitsanso. Kwa iwo mutu, m'mimba, mwendo wothyoka, zonse ndi panado.

Eti ine ndiye "wa makompyuta" pa hadiweya ino. Dzina lalikulu, ofesi yake pansi pa masitepe. Zenera palibe. Ndikaimirira mowongoka ndimagunda mutu. Eyakoni anaikira seva, osati ine, ndiye kunja anthu akupukuta thukuta ine ndili m'juzi ngati wodwala malungo. Ubwino wake ndi umodzi: BC akamatsika, fumbi la masitepe limayamba kundigwera m'tsitsi, ndimakonzeratu nkhope.

Lachisanu, 23 Ogasiti

Ndayamba ndi mawaya, monga anatiphunzitsira ku kozi. Ndakwawa pansi pa matilu onse, maondo a buluku langa latsopano ayera ndi laimu. Netiweki ilibe mlandu. Purosesa, ubongo wa sevayi, nayonso ikungopuma, ntchito yake ndi yochepa. Koma kanyale ka disiki sikakuphethira n'komwe, kangoyaka tsiku lonse ngati diso la munthu wokwiya, ndipo memori yadzaza mpaka pakamwa.

Zonse za sitolo ino zili m'detabesi ya mu sevamu: mitengo, katundu wotsala ku weyahausi, maina a makontirakitala. Tilu iliyonse imafunsa kumeneko. Ndatsegula pomwe detabesi imaonetsa mafunso ochedwa kuyankhidwa, ndimati ndipeza limodzi lalikulu lotsekereza anzake ngati lole yofera pa mlatho. Ayi ndithu. Onse ndi ochedwa. Ngakhale kufunsa mtengo wa burashi ya penti.

Anti a pa tilu yoyamba, amene timawatcha Wailesi chifukwa nkhani isanachitike amakhala ataiulutsa kale, andikuwira pa gulu: "Injiniya, makina akowa akusala kudya?" Ndati ayi, akungotsanzira mmene inu mumayendera pobwera ku ntchito m'mawa. Makasitomala aseka. Anti sanaseke. Zawo zimenezo.

Loweruka, 24 Ogasiti

BC andiitanira m'mwamba. Mpando sanandipatse. Amalankhula maso ali pa sikirini yawo yaikulu ya makamera, kuonera adalaivala a lole akumwa madzi kuseri, ngati pali china chosangalatsa pa munthu womwa madzi. Akuti Loweruka likudzali ndi kutha kwa mwezi, omanga nyumba adzadzaza sitolo. Matilu akadzaima tsiku limenelo, Lolemba lake aitana kampani yoona za makompyuta, ine ndikapume kwathu. Basi.

Ndili pakhomo awonjezera: "Nthawi ya achimwene ako zimenezi kunalibe."

Ndikanayankha, bwenzi ndayamba kupuma lero lomwe.

M'basi ndimadzifunsa kuti ndikachoka pano ndilowera kuti. Folomu 4 ndi kapepala ka kozi ya makompyuta. Mtauni muno ukaponya mwala umagenda munthu wa kapepala komweko. Anzanga a kusukulu wina akuluka tsitsi, wina anakwatiwa, wina akugulitsa ma yunitsi pansi pa ambulera. Ine ndinkadzitama kuti ndili ndi ofesi.

Lamulungu, 25 Ogasiti

Ndalakwa kuwauza Amayi. Akusita malaya anga, osatembenuka n'komwe: "Si achimwene ako anaika makinawo? Aimbire."

Sindiwaimbira. Inde, seva anaikonza ndi iwowo, ntchito anandipezera ndi iwowo asanapite ku kampani ija ya maofesi a magalasi okhaokha. Ndiye? Chaka chatha Amayi atagonekedwa m'chipatala masabata onse aja, amene ankawasambitsa, kuwatembenuza, kugona pa simenti pafupi ndi bedi, m'mawa n'kuthamangira ku ntchito maso ali psuu, anali ndani? Achimwenewo anangotumiza kauthenga ka pafoni: "Pepani, ntchito yandipanikiza, ndibwera." Ndibwera. Anabwera Amayi atatuluka kale, atanyamula maapozi m'jumbo. Maapoziwo ndinagawira ana a aneba iwo akuona. Kuyambira pamenepo akalowa pakhomo ine ndinkadzuka n'kuchoka, mpaka anasiya kubwera. Nambala ndinafufuta.

Amayi akuti chibale ndi fupa, sichiola. Ndati fupa lomwelo limatsamwitsa. Angopukusa mutu n'kupitiriza kusita. Iwo anakhululuka kalekale. N'zosavuta, nthawi zambiri anali mtulo ndi mankhwala. Amene anaona zonse ndine.

M'buku muno ulemu palibe. Ndizimulemba kuti Uja.

Lolemba, 26 Ogasiti

Ndamugwira wakuba.

Ndimati ndione kuti memori yonseyi akudya ndani. Detabesi, mwini nyumba, yapanikizidwa pakona ndi kagawo kochepa. Pamwamba pakhala pulogalamu imene ine sindinaiikepo: yojambula zithunzi za makamera. Yokhayo yameza kuposa theka, ndipo ikakhalitsa ikungonenepa.

Makamerawo anaikidwa kumayambiriro kwa mwezi uno ndi mlamu wawo wa BC, tsiku limene ine ndinali pa ofu. Nditabwera ndinangoona timaso takuda m'makona, sindinafunse kuti zithunzi zake zikupita kuti. Mlamuyo ndamuimbira. Akuti, "Sisi, ndinaika pa seva chifukwa ndi kompyuta yokhayo imene simuizimitsa mukamaweruka." Ndamufunsa ngati kwawo mbuzi amazigoneka pa bedi chifukwa ndi malo okhawo ofunda. Wadula foni.

Chondinyansa n'chakuti nditangoona zimenezi, m'mutu mwanga mwalankhula mawu a Uja. Mmene ankandiphunzitsira m'kachipinda momwemuno, iye pa mpando ine pa katoni ya mapepala: memori ndi kauntala, disiki ndi weyahausi. Katundu wofunsidwa kawirikawiri detabesi imamuika pa kauntala kuti izingotola. Kauntala ikadzaza ndi zinthu za eni, msomali uliwonse umafunika kukautenga kuseri. N'chifukwa chake kanyale ka disiki sikakupuma, ndipo n'chifukwa chake mafunso onse akuchedwa mofanana.

Ndayesa kuziganiza ndi mawu anga. Zikubwerabe ndi mawu ake.

Lachiwiri, 27 Ogasiti

Ndawafotokozera BC. Ndagwiritsa ntchito chitsanzo cha kauntala chomwecho, chifukwa china ndilibe. Amangogwedeza mutu bwinobwino mpaka nditafika pa mawu akuti makamera, nkhope n'kusintha. Akuti chiikireni makamera palibe chitini cha penti chimene chasowa, ndipo munthu wodana ndi makamera amakhala ndi chifukwa chake. Andiyang'ana kuyambira kumutu mpaka pa chikwama changa.

Ndati sindikunena kuti achotsedwe, ndikuti apezeredwe kompyuta yawoyawo. Akuti, "Aliyense ntchito ikamukanika amati ndigulireni chinthu." Mlamu wawo anawatsimikizira kale kuti pulogalamuyo ndi yopepuka ngati nthenga. Ndati nthenga yake ndi ya nthiwatiwa yonse, nyama ndi mafupa omwe. Sanamve, kapena anamva. Angoti changu, changu, kazimitse uyatsenso.

Potsika ndaona chimene sindinkachiona: kamera imodzi yaloza pa chitseko changa chenicheni. Ndikapita kuchimbudzi amadziwa. Ndikachedwako amadziwanso. Ndakhala masana onse osatuluka, ngakhale madzi sindinamwe, kungomvetsera mafani a seva akulira ndi mapazi a anthu pamwamba pa mutu wanga.

Lachitatu, 28 Ogasiti

Manyazi.

Nthawi ya nkhomaliro, BC atatuluka, ndaimitsa pulogalamu ya makamera. Memori yatsika pompo, malo mbwee. Ndathamangira ku matilu mtima ukudumpha, ndimati ndikaone nkhope ya Wailesi. Ndapeza kachizindikiro kakuzungulirabe. Chimodzimodzi. Mwinanso kuposa.

Ndaima pamenepo ngati chitsa. Wailesi akuti, "Injiniya wabwera kudzazonda odwala, koma wabwera chimanjamanja."

Ndisanabwerere BC alowa, apeza sikirini yawo ili bii. Fumbi la masitepe lagwa ngati mvula. Sanakuwe, ndipo n'zimene zandiopsa. Angoti ndikadzakhudzanso makamera awo sindidzadikira Loweruka. Aima pakhomo mpaka ndazimitsa seva n'kuyatsanso, ndipo itangoyaka pulogalamu ija yadzuka yokha n'kuyambanso kudya.

Ndiye kuti chiyani? Wakuba ndamugwira, ndamutulutsa, m'nyumba mukusowabe zinthu. Kapena vuto si makamera? Kapena disiki ikufa? Ndaiyeza, ikuti ili bwino. Kapena BC akunena zoona, ku kozi kuja ndinangokatenga pepala.

Kunyumba Amayi andifunsa kuti ntchito yayenda bwanji. Ndati yayenda. Andiyang'ana mmene amayang'anira tomato wa pansi pa mulu.

Lachinayi, 29 Ogasiti

Kuzimitsa, kuyatsa. Kuzimitsa, kuyatsa. Galu wophunzitsidwa akhoza kuigwira ntchito imeneyi.

Ndafufuza pa intaneti mpaka maso kuwawa. Wina akuti onjezera memori, wina akuti usaonjezere, wina akuti vuto ndiwe. Ndapeza mmodzi amene anafunsa funso langa lenileni zaka zapitazo. Pansi pake analemba kuti wakonza, zikomo nonse. Osanena kuti wakonza bwanji. Munthu ameneyo Mulungu amuone.

Ndapeza pomwe pulogalamu ija imadziyatsira yokha seva ikayaka. Ndangopayang'ana.

Lachisanu, 30 Ogasiti

Wailesi andipeza pa mpopi kuseri, pomwe kamera sifika. Akuti BC aimbira kale kampani ija, amva ndi makutu awo. Kenako anyema banzi yawo n'kundipatsa theka: "Mwana iwe pakamwa pako ndi lumo, koma ukachoka ndizikangana ndi ndani?" Ndalandira. Sindinathokoze, angazolowere.

Kunyumba Amayi sanamutchule Uja. Angoti wamva m'mimba ndiye amatsegula chitseko, n'kutuluka kukathirira maluwa awo a m'zitini. Zoti tikhala bwanji ine ndikakhala pakhomo sanafunse. Botolo la mankhwala awo lili pa windo, ndaligwedeza, likulira ngati mwatsala timiyala tochepa.

Nambala ndinafufuta mufoni, koma zala zikuidziwa. Ndailemba, ndaiyang'ana, ndafufuta.

Loweruka, 31 Ogasiti

Ndikulemba ndili m'kachipinda momwemuno. Sitolo angotseka kumene.

Chitsegulireni m'mawa anthu anali mpaka pa msewu. Mawilibala, malole, makontirakitala ndi matepi awo m'chiuno. Matilu akwawa pang'ono, kenako aima. Mzere osasuntha. Wina wasiya ngolo yodzaza mapaipi pakati pa sitolo n'kutuluka akutukwana mtundu wathu wonse. BC atsika, ndazimitsa n'kuyatsa, zangoipiraipira.

Atakwera ndatseka chitseko. Kachipinda kano kale kanali chimbudzi, ndiye kali ndi kampiringidzo kachitsulo mkati. Ndakakoka. Ndamuimbira Uja.

Wayankha msanga, ngati foni inali m'manja. Wanditchula dzina la kunyumba lija, ndamudula: "Sindinaimbire moni. Seva yanu ikufa." Ndamuuza zonse, mawaya, purosesa, disiki, makamera, za Lachitatu. Wamvetsera osandidula, kenako wafunsa, "Utaimitsa pulogalamuyo unadikira nthawi yaitali bwanji?"

Ndati ndinangothamangira ku matilu.

"Ndiye unachotsa zinyalala pa kauntala n'kuyembekeza kuti katundu adzikweza yekha pompo." Akuti detabesi imadzaza memori pang'onopang'ono anthu akamafunsa, poyamba chilichonse chimachokerabe ku disiki. Ndipo kuzimitsa kulikonse kumasesa kauntala yonse, kuyambiranso. "Mwakhala mukuzimitsa kangati patsiku?" Ndati funsani abwana anu akale. Waseka. Ine ayi.

Wati ndiimitse pulogalamu ya makamera, ndiiletse kudziyatsa, ndipo seva ndisaizimitsenso ngakhale kubwere ndani. Ndati akandichotsa ntchito mukawauze ndinu Amayi. Wati, "Ukapanda kuimitsa akuchotsabe." Zoona zikachokera kwa iye zimanyansa kawiri.

Ndaimitsa. Wandilozera pomwe pali nambala yosonyeza kuti pa mafunso zana alionse, ndi angati akuyankhidwa kuchokera mu memori. Inali pansi, yomvetsa chisoni. Wati ndiithandize, ndiitanitse ndekha katundu woyenda kwambiri kuti akwere msanga pa kauntala. Wayamba kutchula matailosi ndi masinki. Ndati mwachoka kalekale inu, kutha kwa mwezi anthu amagula simenti, malata, misomali ya malata, waya ndi laimu. Wati chabwino, iwe ndiye ukudziwa. Ndaitanitsa zimenezo, kenako maina a makontirakitala akuluakulu amene ndawaona pa mzere.

Fumbi layamba kugwa.

BC akankha chitseko, chakana. Agogoda. Amenya ndi chikhatho. "Makamera anga! Tsegula, uzimitse uyatsenso." Ndati sindizimitsa. Akuti ndiye ntchito yatha pompano. Ndati chabwino, koma wochotsedwayo ali mkati, seva ilinso mkati. Akuti athyola chitseko. Ndati nyundo zili pa shelefu pafupi ndi macheka, koma risiti yake muidikira. Pafoni Uja akuti, "Usawapute, yang'ana nambala."

Nambala imakwera ngati munthu wosenza simenti pa chitunda. Ine msana uli pa chitseko, kumenya kulikonse ndikukumva m'nthiti. Eyakoni ikuuzira, ine thukuta chuchuchu m'juzi. Kunja makasitomala akung'ung'udza, wina akufunsa ngati muli wakuba m'menemo. Ndaganiza kuti ngati Uja walakwitsa, ndituluka muno ndi manyazi awiri, a ntchito ndi a kumuimbira. Ndamufunsa ngati akutsimikiza. Wati, "Ayi. Koma wakuba unamupeza bwino. Dikira."

Ndadikira. Sindikudziwa kuti nthawi yaitali bwanji. BC atopa ndi chikhatho ayamba nsapato.

Kenako kanyale ka disiki kaphethira. Kazima, kayaka, kazimanso. Masiku onsewa sindinakaonepo katazima seva ili yoyaka.

Kupyola chitseko ndamva pulinta ya tilu yoyamba ikulavula risiti, kenako ina, kenako ina, ndi mawu a Wailesi: "Wotsatira. Bwerani bambo, musagone pamenepo, makina adzuka." Kumenya kwasiya. Nsapato za BC zapita ku matilu, zakhalako kanthawi, zabwerera.

Mawu awo anali otsika. "Nanga makamera anga?"

Ndati lero musankhe, kuonera anthu kapena kuwagulitsa katundu.

Ndimamva kupuma kwawo kuseri kwa thabwa. Kenako akuti, "Lolemba m'mawa undipeze m'mwamba. Ubwere utadziwa kompyuta imene ikufunika ya makamerawo. Yotchipa." Masitepe alira, akwera.

Lolemba. Ndiye kuti ntchito ikadalipo. Ndakhala pansi pa simenti.

Ndinaiwala kuti foni sinadulidwe. Uja wamva zonse. Kenako watsokomola pang'ono. "Amayi ali bwanji?"

Mayankho ndinali nawo ambiri, ndakhala ndikuwanola chaka chathunthu. Ndangoti, "Nyumba sinasamuke. Mukawafunse nokha."

Wati mawa masana. Ndati ine sindiphikira munthu.

"Koma ukhalapo?"

Ndati mawa ndili ndi zochapa zambiri, ndipo chingwe choyanikira chili pakhomo pomwepo.